Maapozi a agogo oyandikana nawo ndi ka cocktail kanga ka mu Okutobala

Chaka changa choyamba kuno ku Nottingham chimene chinandipweteka mtima sichinali kuzizira ayi, za kuzizira anthu anali atandichenjeza kale ndisanakwere ndege ndipo majuzi ndinabwera nawo okwanira. Chinandipweteka ndi maapozi. Seputembala akamatha Okutobala akulowa, masamba ayamba kufiira nkumayoyoka, nyengo imene kuno amati autumn, ukamayenda mmisewu ya mmakomo umapeza maapozi ali mbwee pansi, ena aphwanyidwa ndi matayala a galimoto ena mavu akuwaboola, otola palibe. Ine mwana okulira ku Zomba, kumene apozi timalidziwa ngati chipatso chogula awiri kapena atatu ukamapita kukazonda matenda ku chipatala, ochokera ku Joni, opukutidwa mpaka kunyezimira, ndinkangoima pamsewu nkumayang'ana ngati ndaona ndalama zotayidwa. Kwathu mango amagwa inde mu Disembala mpaka ntchentche kukhuta, koma ana amakhala atayamba kuwagenda adakali anthete, sungapeze mtengo wodzadza zipatso uli phee opanda oukwera.

Nde pa nyumba yoyandikana ndi yathu pali agogo ena achizungu, amakhala okha, amuna awo anamwalira kalekale, kuseri kwa nyumba yawo kuli chimtengo cha maapozi chimene nthambi zake zina zimagwera mbali yathu ya mpanda. Chaka chilichonse amaika katoni pageti, yodzadza, atalembapo kuti aliyense atenge. Ndinadutsa pakatoni ija mwina sabata yathunthu ndisanatenge kanthu, mukudziwa mmene tinaleredwera, chinthu cha eni ake sumangotola. Tsiku lina ndikuchokera ku ntchito ya usiku ndinatenga atatu, akuluakulu obiriwira, limodzi lokha kudzadza dzanja lonse. Ndinafika mnyumba, kutsuka, kuluma. Mayo ine. Kuwawasa kwake kuposa bwemba, mano onse kuyayamira mpaka madzulo. Mawa lake agogo aja anandiona pampanda ndipo nditawauza anati mwana wanga amenewo ndi Bramley, sadya aawisi, ndi ophika. Anandipatsa jumbo ina yodzadza ndi kundiuza kuti ndizibwera kudzatola ndekha kuseriko chifukwa iwo msana suwalolanso kuwerama.

Patapita nthawi ndi pomwe ndinadziwa kuti mtundu umenewu wa maapozi kwawo ndi konkuno, ku Southwell, ka tawuni kakang'ono kosakwana ola limodzi pa basi kuchokera mu Nottingham. Mtsikana wina dzina lake Mary Ann Brailsford anadzala njere mmunda wa kwawo mu 1809, nyumbayo inadzagulidwa ndi Matthew Bramley amene ankagulitsa nyama, ndipo mu 1856 mnyamata wina odziwa za mbande, Henry Merryweather, anapempha kudula nthambi kuti azikalumikiza ku mitengo ina nkumagulitsa, mwini nyumba anavomera koma anati dzina likhale lake. Nde dzina linapita kwa ogula nyumba, amene anadzala njere anaiwalika kwa zaka zambiri, ine nkhani imeneyi imandikhudza ndithu. Mtengo oyambawo ulipobe mpaka lero ngakhale ukudwala, zaka zoposa 200, ndipo Bramley aliyense amene mungagule mu shopu anachokera ku nthambi za mtengo umodzi umenewo chifukwa apozi ukadzala njere silibereka ngati mayi wake, limatuluka lina lachilendo, kuti upeze mtundu omwewo umayenera kulumikiza nthambi. Ngakhale chimtengo cha agogo anga aja ndi chidutswa cha mtengo wa ku Southwell. Ndikamaphika ndimaganiza zimenezo.

Poyamba ndinkangopanga zimene aliyense amapanga, kuphika nkudya ndi kasitadi, kuika mu phala la ana, mpaka ana anayamba kukana. Maapozi osatha. Za cocktail zinabwera chifukwa alamu anga, amuna a achemwali anga a ku Leicester, anabwera kuchokera kumudzi ndi botolo la Malawi Gin nkutisiyira, ndipo ine sindine munthu omwa kwambiri, tambula imodzi Loweruka ndikakhala kuti sindikugwira ntchito Lamulungu basi, koma botolo limene lija ndinkafuna ndilimwe mwaulemu osati kungothira tonic ngati nthawi zonse.

Ulendo oyamba ndinalakwitsa. Ndinadula maapozi aawisi nkuponya mu blender ndi madzi pang'ono, ndimati ndipeze juwisi. Pasanathe mphindi khumi zonse zinasanduka zofiirira ngati madzi a Likangala mvula ikagwa, kukoma kwakenso kwa chitsulo chitsulo. Apozi ukangolidula mpweya ukalowa limayamba kuda, ndi chimodzimodzi mbatata ya kachewere kapena nthochi yosenda, ndipo blender imalowetsa mpweya wambiri nthawi imodzi. Zimene zimaletsa ndi ziwiri, madzi a mandimu kapena moto. Ulendo wachiwiri ndinaphika koma ndinathira jini mupoto momwemo zikuwira, nyumba yonse kununkhira bwino koma mutambula munalibe kanthu, mowa umayamba kuwira pa madigiri 78 pomwe madzi amadikira 100, nde ukauwiritsa ukungomwetsa denga. Zinandiwawa chifukwa jini wake anali wochokera kutali.

Palinso china chimene chinandisokoneza ndipo ndikufuna ndikuchenjezeni amene mumakonda kufufuza maphikidwe pa intaneti. Ambiri olemba za ma cocktail a nyengo ino ndi a ku America, ndipo iwo akati apple cider akutanthauza juwisi wa maapozi osasefa, opanda mowa, amene ngakhale mwana amamwa. Kuno ku UK cider ndi mowa, ngati Savanna kapena Hunter's amene timawadziwa kwathu, ndipo wina wa ku Somerset ndi ku Herefordshire ndi waukali kuposa mowa wamba. Nde ukatenga muyezo wa ku America nkuthira cider wa kuno kapu yathunthu pamwamba pa jini, wapanga chinthu china chimene sunafune. Ine ndinazindikira nditawerenga kuti ena akupatsa ana, ndinati ayi apa pali chimene sindikumva.

Chimene ndinafikapo, ndipo chaka chino ndi chachinayi ndikupanga, ndi chakuti ntchito yonse ili pa manyuchi a maapozi. Mowa ndi wongothira kumapeto. Ukapanga manyuchi abwino ngakhale jini wotchipa amakoma, ukagula juwisi wa mukatoni ngakhale uthire chodula bwanji zimangomveka shuga.

Ndimatenga Bramley kilo imodzi, amakhala atatu kapena anayi chifukwa ndi akuluakulu, nkuonjezera awiri okoma odya aawisi, ine ndimakonda Cox amene amapezeka mmashopu nyengo yomwe ino, chifukwa Bramley amabweretsa kuwawasa koma fungo lenileni la apozi lili mwa Cox. Ngati ndi otola pansi yang'anitsitsani, pamene pabvulala pofewa pofiirira dulani mutaye mosaumira, limene layamba nkhungu litayeni lonse, musamve chisoni, mtengo uli ndi ambiri. Ena mumapeza kambozi mkati, dulani mbali imeneyo basi. Sindisenda makoko chifukwa mtundu ndi fungo zili mmenemo, ndimangochotsa pakati pali njere paja, nkudula zidutswa zazikulu ngati mmene timadulira mbatata ya futali. Zonse mupoto, madzi theka la lita kapena kuposera pang'ono, ongokwanira kuti afike pamwamba pa maapozi koma osawamiza. Jinja wamuwisi kukula ngati chala chachikulu, osasenda, ndimangomuphwanya ndi chipande kuti atuluke madzi. Kamtengo kamodzi ka sinamoni, osati wa ufa, wa ufa amapangitsa manyuchi kukhala amatope ndipo amakanda pakhosi. Ma clove awiri, awiri okha, ulendo wina ndinaika asanu zinamveka ngati mankhwala a dzino. Ndi khoko la ndimu limodzi losenda mopyapyala osafika poyera paja chifukwa pamawawa.

Moto wapakati mpaka ziyambe kuwira kenako kuchepetsa, mphindi 25 kapena 30. Apa nde pamene ndimakonda. Bramley sachedwa, pakangotha mphindi khumi amayamba kufufuma nkuphulika makoko, amasungunuka kukhala ngati phala loyera la thovu, pomwe Cox amakhala ali gwa zidutswa zake zikuoneka, kumangoyandama. Mawindo a kukhitchini amachita nthunzi mpaka osaona panja, ndipo panjapo nthawi imeneyo kumakhala kwada kale chifukwa Lamulungu lomaliza la Okutobala amabweza mawotchi ndi ola limodzi nde 5 koloko isanakwane mdima wagwa. Anthu ambiri ochokera kwathu nyengo imeneyi imatisautsa, umapita ku ntchito kuli mdima kubwerako kuli mdima, dzuwa osaliona masiku angapo, ndipo ine ndinapeza kuti kuima pa poto ameneyu fungo la jinja likukwera kumandikhazika mtima pansi kuposa china chilichonse. Osatakasa kwambiri, kamodzi kapena kawiri kuti zisapsere pansi.

Kusefa ndi kumene kumafuna kudekha. Ndimayala kansalu koyera kopyapyala pa sefa, ine ndinadula chitenje chakale choti chinachapidwa mpaka mtundu unatha, nkuthira zonse, kenako kumanga nsonga zinayi nkupachika pa chogwirira cha kabati mbale ili pansi. Zizidontha zokha. Mtima umafuna ufinye kuti zithe msanga, musafinye, mukafinya phala lija limadutsa ndipo manyuchi amachita mbuu. Amene munaonapo amayi akusefa thobwa kapena kudontheza chidulo mukudziwa kuti zinthu izi sizifuna phuma. Ndimasiya maola atatu, nthawi zina usiku onse, mmawa umapeza madzi oyera bwino ofiirira pang'ono ngati tiyi wopanda mkaka osapsa kwambiri, ndipo ngati munali maapozi a makoko ofiira amatuluka ka pinki kokongola. Zotsala mu nsalu musataye, chotsani jinja ndi sinamoni, thirani shuga pang'ono, ana amadya ndi phala la oats kapena kupaka pa buledi.

Madzi aja amabwerera mupoto ndi shuga wa bulawuni magalamu 150 ndi uchi masipuni awiri akulu, moto wochepa mpaka shuga asungunuke, mphindi zisanu basi. Lawani. Mitengo imasiyana, chaka chimene kunali dzuwa lambiri maapozi a agogo anatsekemera ndipo shuga ndinachepetsa, chaka china ndinafika magalamu 200. Zimene mukufuna ndi zakuti kutsekemera kubwere koyamba koma kuwawasa kukutsatire pambuyo, jinja nkumaluma pang'ono kukhosi. Zikazizira thirani mu botolo lotsukidwa ndi madzi owira, mu filiji amakhala sabata imodzi kapena kuposera pang'ono, otsala ndimathira mu tireyi ya ayisi nkuumitsa, mu Janyuwale ndimakhala ndikutulutsabe kamodzi kamodzi.

Cocktail yeniyeniyo nde ndi ya mphindi ziwiri. Ndilibe zipangizo za ku bala, ndimagwiritsa botolo la jamu lokhala ndi chitsekero cholimba. Muli jini 50ml, manyuchi 50ml, madzi a ndimu ofinya pompo 20ml, ayisi wodzadza dzanja. Tsekani, khutchumulani mwamphamvu mpaka botolo lizizire moti zala zikuwawa, masekondi 15 kapena 20. Thirani mutambula muli ayisi watsopano, pamwamba onjezerani cider wosatsekemera, amene amalemba kuti dry, pafupifupi 100ml, pang'onopang'ono chammbali kuti thovu lisasefukire. Kagawo kopyapyala ka apozi kopakidwa ndimu kuti kasade, kuika pamwamba. Ndimu musadumphe ngakhale mukuona ngati Bramley ndi owawasa kale, kuphika kumafewetsa kuwawasa kuja ndipo popanda ndimu chakumwa chimagona, chimangokhala ngati juwisi wa ana. Cider wotsekemeranso ayi, shuga ali kale mu manyuchi.

Za muyezo ndinene mosabisa chifukwa ntchito yanga ndi yosamalira okalamba ndipo ndaona zimene mowa umachita. Kuno jini wa 40% okwana 25ml amawerengedwa ngati unit imodzi, nde tambula imeneyi ili ndi awiri a jini kuphatikiza ka cider kaja, pafupifupi awiri ndi theka, pomwe a zaumoyo kuno amalangiza osapyola 14 pa sabata. Vuto la chakumwa ichi ndi loti mowa sumveka, apozi ndi jinja zimaubisa, munthu amatha kumwa zitatu ngati Sobo. Kapimeni ndithu ndi kachoyezera, osathira ndi maso, ndipo ngati mukufuna chopepuka siyani cider muthire soda, ine masiku ambiri ndimapanga choncho ndipo apozi amamveka bwino kuposa.

Jini ndi amene ndimakonda chifukwa fungo lake la juniper, tizipatso timene amaika popanga jini, limagwirizana ndi kuwawasa kwa Bramley, ndipo Malawi Gin ali ndi kufewa kwina kumene ndimakuzindikira ngakhale nditatseka maso, kapena ndi mtima chabe ofuna kwathu, kaya. Akatha ndimagula wa kuno wamba. Wisiki amakhalanso bwino makamaka bourbon, amapangitsa chakumwa kukhala cholemera chotenthetsa mthupi. A ku France ali ndi bulande wa maapozi wotchedwa Calvados wa ku Normandy, mnzanga wa kuntchito anandipatsako pang'ono chaka chatha, apozi pa apozi, zinali bwino kwambiri koma mtengo wake si wa munthu otumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi. Vodka ndinayesa sindinaikonde, siionjezera kalikonse.

Pa 5 Novembala kuno kumakhala Bonfire Night, amayatsa moto waukulu mmapaki ndi kuphulitsa makombola, kuzizira kwake kolowa mmafupa, nde tsiku limenelo ndimapanga yotentha. Cider botolo limodzi la 500ml mupoto ndi manyuchi 150ml ndi magawo a lalanje, kutenthetsa mpaka nthunzi iyambe kukwera koma osawira, kuchotsa pamoto, kenako ndi pomwe mumathira wisiki kapena bulande 25ml mu kapu ya aliyense payekha. Timaika mu fulasiki nkupita nayo. Ana ndi achemwali anga amene samwa, iwo ndi a Mvano, ndimawapangira yawo mu fulasiki ina, manyuchi ndi madzi otentha ndi ndimu, ndipo kunena zoona imeneyi ndi imene imatha msanga. Munthu wa chimfine imamuthandizanso kukhosi ngati mmene timachitira ndi ndimu ndi uchi kwathu. Yozizira ya ana ndi manyuchi ndi soda kapena ginger ale, muwaikire kagawo ka apozi pamwamba ngati ya akulu, amasangalala.

Alamu aja atabwera chaka chatha ndinawapatsa tambula osawauza kanthu. Anamwa kamodzi, kukhala chete, kumwanso, kenako anati, "Mlamu, jini uja ndi ameneyu?" Ndinati eya ndi yemweyo, maapozi ndi a kuseri kwa mpandaku. Anadzuka kupita pawindo kukauona mtengo, nkuyamba kundifotokozera za agogo awo ku Nsanje amene ankatcheza kachasu wa masau, mmene ankayanikira masau padzuwa, mmene fungo linkamvekera mudzi onse, nkhani imene achemwali anga akuti pa zaka zonse za banja lawo anali asanaimvepo. Tinakhala mpaka usiku. Anati chaka chino abweretsa mabotolo awiri koma limodzi ndi la maapozi basi, lisakhudzidwe ndi tonic.

Amene muli kumudzi mukhoza kupanga ndi maapozi a mu shopu, tengani obiriwira aja a Granny Smith chifukwa ndi amene ali owawasa, sasungunuka ngati Bramley nde muwadule ting'onoting'ono ndi kuphika nthawi yotalikirapo, shuga muchepetse. Ndikudziwa kuti kilo ya maapozi kumeneko si ndalama yochepa, nde mwina theka lokha kuti mulawe. Ndakhala ndikuganiza kuti njira yomweyi ingagwire ndi masuku kapena mango aawisi, ndikadzabwera pa holide ndidzayesa mango, jinja ndi ndimu zili pa msika uliwonse.

Botolo loyamba la manyuchi chaka chilichonse limapita kwa eni mtengo. Agogo aja jini samwa, amati anasiya amuna awo atamwalira, koma amathira manyuchi mmadzi otentha madzulo akamaonera TV. Sabata yatha nditawapititsira anandigwira dzanja nthawi yaitali nkundiuza kuti ana awo akufuna adzawatenge akakhale nawo pafupi chaka chamawa, nyumba idzagulitsidwa, ndipo sakudziwa ngati obwerawo adzausiye mtengo chifukwa anthu a masiku ano amafuna poimika galimoto. Anati nthambi za pamwamba zili ndi maapozi abwino kuposa ogwa pansi, dzuwa limawaomba mpaka mbali imodzi kufiira, koma palibe amene wawathyola zaka zisanu. Nde Loweruka likubwerali alamu akubwera ndi makwerero kuchokera ku Leicester, ana agwira mabasiketi pansi, ndipo ndafunsa kale bambo wina wa ku allotment, timinda timene anthu kuno amachita lendi kuti azilima, amene amadziwa kulumikiza mitengo, wati tidikire Janyuwale kapena Febuluwale mtengo ukagona tidzadule tinthambi tingapo tokula ngati pensulo, adzandilumikizira pa mbande ziwiri, imodzi ya mumphika waukulu pakhonde pathu ina ipite ndi agogo kumene akupitako.